Thabwa la Chingerezi la Ikram

Taroudant, Lamlungu masana

Okondedwa achimwene Houcine,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Muli bwanji kumeneko ku Almeria? Msana uja munati unakugwirani ponyamula mabokosi a tomato wasiya? Ndikufunsa ngakhale yankho lanu ndikulidziwa kale, paja inu ngakhale mwendo utathyoka mumati muli bwino.

Kuno tilipo. Bambo akudya bwino, maso okha ndiwo akunka nathera, moti masiku ano munthu amamudziwira mawu. Mwana wanu Ikram ali bwino, watalika kundiposa. Mtengo wa mandimu munadzala chaka chimene munkachoka uja wabereka mpaka nthambi zina ndazichirikiza ndi mphanda.

Mudabwa kuti Mbarka wayamba liti kulemba makalata foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni mumayankhula ndinu, ife timangoti inde. Kalata simungaidule pakamwa. Ndapatsira mwana wa a Brahim amene akubwerera komweko, pamodzi ndi botolo la mafuta a mtengo wa aragani. Muiwerenge mutadya, mutakhala pansi.

Nkhani ndi ya Chingerezi cha mwana wanu, ndipo ndiyambira patali kuti mumve bwino.

Sukulu itatsegulira kunabwera mphunzitsi watsopano wa Chingerezi, mayi Lamrani, wa ku Tetouan, wamfupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Anauza ana a kalasi yomaliza kuti Chingerezi chopatsirana moni ndi chofunsira njira sichiwawolotsa pa mayeso omalizira sekondale a bakaloreya. Pamafunika mawu ena, amene iye amati mawu a m'mabuku, olembera nkhani yoti munthu wophunzira aiwerenge mpaka kumapeto. Sabata iliyonse ankawapatsa mawu otero kuti akawaphunzire kunyumba.

Ikram anabwera nawo nkhope itagwa, akuti ndi aatali ndipo onse amafanana. Bambo atamva anawongoka pamkeka. Mukudziwa kuti chisiyireni kuphunzitsa Korani ku mzikiti, akhala akusowa mwana womugogodera ndodo. Anati kuloweza ndi ntchito yawo, ndipo kaya ndi Chingerezi kaya Chichaina, mutu wa mwana ndi womwewo.

M'mawa mwake anandituma kwa kalipentala kuti aseme thabwa latsopano. Matabwa awo akale aja, amene inunso munalembapo mavesi, anati sangalembedwepo mawu a anthu. Latsopanolo analipaka dothi loyera, anasungunula inki yawo ya ubweya wootcha, anasongola bango lolembera. Ikram atayamba kulemba, Bambo anagwira dzanja lake kuti amve kumene likulowera. Atapeza kuti likuchokera kumanzere, osati kumanja monga polemba Korani, anapukusa mutu, nati tsopano amvetsa chifukwa chake anthu amenewa zinthu zawo zimavuta.

Ndiye kuloweza kunayambika. Mwana atapinda miyendo, thabwa pamaondo, akugwedezeka kutsogolo ndi kumbuyo, akuyimba ndi kamvekedwe kaja munkayimbira inu. Liwu la Chingerezi, tanthauzo lake, lotsatira, tanthauzo lake. Bambo sadziwa ndi liwu limodzi lomwe, koma khutu lawo linagwira katsatidwe kake, ndipo mwana akadumpha liwu ndodo inkalira pansi. Mayi Fadma a khomo linalo anachita kubwera kudzafunsa kuti tikupempherera ndani m'chinenero chachilendocho.

Sabata ikatha Bambo ankatsuka thabwa monga mwa mwambo, poti mawu akalowa mumtima thabwa liyenera kuyera. Madzi otsukira mavesi mukudziwa kuti sataya paliponse, amathiridwa pamalo oyera. Awa anati ndi madzi wamba, ndipo ankandiuza ndikataye m'ngalande.

Tonse tinali okhutira. Ine ndinkati mwana wotere mayeso amuopa okha.

Mayeso oyeserera a mu Disembala anatichititsa manyazi. Nkhani imene analemba inabwera yofiira ndi cholembera cha aphunzitsi. Choposa apo, mayi Lamrani anamuimiritsa m'kalasi kuti apange chiganizo ndi liwu limodzi mwa mawu aja. Ikram anatseka maso, anayamba kugwedezeka, nayambira pamwamba pa thabwa kuti akalipeze liwulo pamalo pake. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Tsiku limenelo anabwera kunyumba n'kukagona osadya.

Malikisi amenewo ndi amene munawamva inu. Ndi pamene munanena pa foni kuti basi, sukulu yamukanika, mumaliza mapepala ake asanakwanitse zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu mu Ogasiti, chifukwa akapitirira pamenepo boma la kumeneko silimulolanso kubwera monga mwana wanu. Munati adzagwira ntchito m'shedi yolongedzera tomato momwe muli inumo. Iye anati, "Chabwino, Baba."

Bambo anakana kutsuka thabwa la sabata imeneyo. Anati mawu ake sanalowe, ndipo analipachika pamsomali pafupi ndi zenera, lolembalemba choncho. Mkwiyo wawo sunali pa mwana, unali pa mphunzitsi. Anandituma ndikamuitane adzadye nafe kuskusi Lachisanu, kuti amve ndi makutu awo munthu amene akuti mwana woloweza ndi wolephera.

Ndinkaganiza kuti akana, koma anabwera, atanyamula shuga monga mlendo wodziwa ulemu. Tili pakati pa kudya Bambo analamula Ikram kuti anene zonse kuyambira thabwa loyamba. Ananena, osapuma, osaphonya. Mayi Lamrani anaika supuni pansi, nati chiyambire kuphunzitsa sanaonepo mutu wogwira chotero. Bambo anasisita ndevu, kudikira kupepesa.

Kupepesa sikunabwere. Mayi uja anati, "A Shehe, mawu awa si osunga, ndi okanganira. Ili limatanthauza umboni, ili kutsutsa, ili chinthu chimene munthu wangoganiza osafufuza, ili zotsatira. Mwana amawadziwa akawagwiritsa ntchito pa munthu wamoyo, pa nkhani imene ikumukhudza. Kodi pakhomo pano amatsutsana ndi ndani?"

Bambo anayankha monyada kuti pakhomo pawo mwana satsutsa wamkulu.

"Ndiye matenda ake ndi amenewo," anatero mayi uja, n'kutola supuni yake kupitiriza kudya.

Ine ndinathawira kukhitchini ngati ndikukawonjezera msuzi. Achimwene, chibadwireni changa sindinaonepo Bambo akusowa chonena, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinaseka mpaka misozi.

Bambo anakhala masiku angapo akungoyendetsa mikanda yawo yopempherera m'zala. Kenaka anatiitana tonse awiri kuti agamule, ndi mawu awo aja ogamulira milandu ya madzi a m'minda. Anati kutsutsa wamkulu ndi mwano ngati wamkuluyo wamva. Iwo Chingerezi samva. Choncho tsiku lililonse akachoka ku swala ya masana aakulu, pa nthawi ya tiyi, iwo azinena chinthu, Ikram aziwatsutsa m'Chingerezi, ndipo palibe amene achimwe.

Tsiku loyamba anati mbuzi za kumapiri n'zanzeru kuposa madokotala a ku Agadir, poti zimadziwa tsamba lozichiritsa popanda kulemba kalikonse. Ikram ananong'ona timawu tiwiri, n'kuthamangira kukapsompsona dzanja lawo. Ndodo inalira pansi.

"Wanditsutsa kapena wandipempha madzi akumwa?" anafunsa. "Bwerezanso. Ndikufuna ndimve kuti ndalakwa ngakhale sindikumva."

Zinayamba choncho. Tsiku lina anati tomato wakale anali wokoma kuposa amene mumalongedza inu. Tsiku lina anati mafoni afupikitsa makosi a achinyamata. Tsiku linanso anati mkazi sangathire tiyi kuchokera pamwamba ngati mwamuna, ndipo ananena dala ine ndili pomwepo ndi tiyipoti m'manja. Ikram ankachita chibwibwi, kuyang'ana kudenga, kusakasaka mawu. Akayamba kugwedezeka, Bambo ankamva mkeka ukulira, n'kumuuza kuti akhazikike, munthu wokangana sagwedezeka.

Iwo ankaweruza ndi mawu okha. Ankati apa sukukhulupirira zimene ukunena, kapena apa wandigwira ndithu, ndamva kupweteka. Patapita nthawi anazindikira liwu limodzi, limene ine ndimalimva ngati hawuweva. Ikram akuti limatanthauza komabe. Munthu amayamba wakuvomereza, kukunyengerera bwinobwino, kenaka n'kulitulutsa. Bambo akangolimva ankati wafika uja, n'kuika kapu yawo pansi kuti alandire nkhonya.

Ine chidwi chinandigwira koopsa. Tikamatsuka makapu ndinkamufunsa mwana kuti wawauza chiyani agogo ako, ndipo liwu lakutilakuti limagwira ntchito yanji. Mpaka ndinatolapo langa, evidensi, ndiye umboni. Tsiku lina kumsika Moha wansomba analumbira kuti nsomba zake zafika m'mawa womwewo kuchokera kunyanja. Ndinati, "Evidensi?" Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Nditamumasulira anandinunkhitsa nsombayo, ndipo sindinagule.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mawu amenewa tili nawo ndi ife m'chinenero chathu, koma timawasiyira oweruza ndi a pa wailesi. Pakhomo sitiwatulutsa. Ndinayamba kudzimvetsera ndekha, n'kupeza kuti zambiri zimene ndimanena molimba mtima ndi zongoganiza. Ndimati mayi Fadma amatida chifukwa satipatsa moni m'mawa. Nditafufuza ndinapeza kuti khutu lawo lakumanzere linatseka, ndipo khomo lathu lili kumanzere kwawo.

Kusukulu zinthu zinayamba kusintha. Mayi Lamrani amawalembetsa nkhani sabata iliyonse, ndipo amafuna mawu atsopano aja aoneke m'nkhanimo akugwira ntchito, osati atangoima ngati alendo a paukwati. Ikram ankalemba mikangano yomweyo ya pa tiyi. Nkhani ya mbuzi ndi madokotala inawerengedwa pamaso pa kalasi yonse, yomwe ija inamuseka. Zofiira zikuchepa pa mapepala ake mwezi ndi mwezi. Izi simukuzidziwa chifukwa pa foni simufunsa, ndipo iye sangaziyambe yekha.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera.

Lachisanu lapitali munaimba, munati mapepala atsala pang'ono, bwana wa shedi wavomera, ndipo mwagula kale bedi ndi makatani a chipinda chake. Mawu anu anali osangalala, ndinawamva ndili pakhomo la khitchini. Iye anati, "Chabwino, Baba." Atadula foni anakwera padenga kukaanula zovala zimene zinali zisanaume.

Dzulo pa tiyi Bambo sanayambe msanga. Anamwa kaye kapu yoyamba. Kenaka ananena motsitsa mawu kuti mwana amapita kumene bambo ake amuitana. Mpaka pano sindikudziwa ngati unali mutu wa phunziro kapena ankangodandaula okha. Ndawafunsa m'mawa uno, andiuza kuti ndibweretse umboni.

Ikram anayankha m'Chingerezi. Sanayang'ane kudenga, sanasake mawu. Anayankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse, manja ali pamaondo. Ndinamva evidensi, ndinamva hawuweva, koma ulendo uno Bambo sananene kuti wafika uja. Anangoika kapu pansi pang'onopang'ono.

Atamaliza, Bambo anati, "Miyezi yonseyi umasewera nane. Lero mawu ako akunjenjemera. Unene m'chinenero chathu."

Mwana anakana, nati umenewo ukhala mwano, ndipo agogo akewo anagamula okha. Iwo anati lamulo analiika ndi iwo, ndipo alichotsa.

Ndilemba monga ananenera, chifukwa sindinaiwale.

"Baba akuganiza kuti sukulu yandikanika. Akutengera mayeso a mu Disembala, za pambuyo pake sanazione. Akuti kumeneko ndizidzaphunzira ndikugwira ntchito, koma umboni wake palibe. Latifa wa amalume a Said anapita ndi mawu omwewo, mpaka lero akusankha tomato."

Kenaka anapitiriza kuti:

"Komabe Baba ali okha. Amadya chiimirire. Bedi agula chifukwa andisowa, osati chifukwa cha tomato. Ndikapanda kupita Ogasiti asanathe khomo litsekeka, mwina sindidzakhalanso nawo nyumba imodzi. Zotsatira zake ndi zimenezo, ndikuzidziwa, ndipo zikundiwawa. Koma ndikufuna nditsale, ndikalowe yunivesite ku Agadir."

Ine ndinali nditagwira tiyipoti, sindinadziwe kuti ndiiike pati. Mwana ndamulera ndekha chimwalilireni mayi ake, ndimadziwa akamva njala asananene, koma zimenezi sindinkazidziwa zonse. Ndinkangoganiza.

Bambo anamufunsa kuti nanga umboni woti akhoza mayeso uli kuti. Anayankha kuti wathunthu palibe. Pali malikisi amene akukwera ndi mawu a aphunzitsi, basi, ndipo akhoza kulephera n'kutaya zonse ziwiri.

Bambo anati mwana woloweza akanayankha kuti ndikhoza ndithu.

Anandiuza nditsitse thabwa lija pamsomali, ndibweretse beseni ndi madzi. Linali litachita fumbi, mawu a mu Disembala akadali pomwepo. Analitsuka okha ndi manja awo, mbali zonse ziwiri, akupapasa ndi zala kuti pasatsale inki. Nditatambasula manja kuti ndikataye madziwo m'ngalande monga kale, anakaniza beseni. Anati ndiwagwire mkono ndiwaperekeze panja. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pa mtengo wanu wa mandimu, ndipo anawerama n'kuthira madziwo patsinde.

Tili chiimire pomwepo anandifunsa chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anati, "Mbarka, chaka chija ndinakutulutsa sukulu kuti uzisamala amayi ako, ukanakhala nalo liwu lija, ukanalinena?"

Ndinati tiyi akuzizira. Anati tiyi anatha kalekale. Tinaimabe pang'ono, kenaka ndinawabweza m'nyumba.

Achimwene, Ikram sananditume ndipo sakudziwa kuti ndikulemba. Bambo ndiwo anati ndikulembereni poti maso awo saona, koma pempholi ndi langanso, sindibisa. Lachisanu likubwerali mukaimba, mwana sadzati chabwino. Bambo amuuza kuti anene kwa inu zimene ananena kwa iwo, m'chinenero chathu. Akuchita mantha, m'mawa uno wathira mchere m'tiyi. Chonde musadzamudule. Musadzati wayamba mwano, kapena kuti azakhali ake amuwononga, ngakhale chachiwirichi mwina n'choona pang'ono.

Inu muli ndi zanu zimene ife sitikuzidziwa. Mwaona ana a anthu ali ndi madigiri akukhala pakhomo osapeza ntchito, ndipo khomo limene likutsekekali mwaligogoda zaka zambiri. Mudzamuuze zimenezo. Sakufuna kuti mungomuvomera, akufuna mumuyankhe. Mukadzamva zonse n'kunenabe kuti abwere, adzabwera, ndikumudziwa. Adzalongedza chikwama osalira, ndipo pakhomo panu mudzamva chabwino Baba mpaka kukalamba kwanu. Chimene chikundiopsa ndi chimenecho.

Ndikudziwa kuti mwamusowa. Ineyo ndikaganiza za bedi limene mwagulalo, lili lokha m'chipinda ndi makatani ake, mtima umandiwawa. Sindinena kuti n'zopepuka.

Chimodzi chokha ndikupempha. Adzayamba ndi malikisi ndi za Latifa, ndipo magazi anu adzawira, paja ndinu mwana wa Bambo. Pirirani. Mukadzamva akuti komabe, ikani kapu pansi mumvetsere, chifukwa zotsatira pamenepo ndi za inu.

Bambo akuti akudalitsani, ndipo muzidya mutakhala pansi. Mupereke moni kwa amalume a Said ndi banja lonse, ndi kwa Latifa makamaka, koma musamuuze kuti dzina lake linalowa m'nkhani. Mafutawo ndi odya ndi buledi, osati opaka msana, za msana mupite kuchipatala. Mulungu akusungeni m'dziko la eni ndipo akubwezereni kwa ife muli wamoyo.

Ndine mlongo wanu,
Mbarka